Zikwangwani Zanga ndi Muwawani

Lolemba

M'mawa. Penti yauma! Zikwangwani khumi ndi ziwiri, zilembo zoyera pa matabwa obiriwira, zolemba ndekha ndi dzanja langali. Loweruka abwana akubwera kuchokera ku Zomba ndi ana a Fomu 2 kudzayenda Njira ya Mitengo imene ndakonza. Tsiku lomwelo miyezi yanga itatu yoyeserera ntchito ikutha. Akakondwa, ndine mphunzitsi wa zachilengedwe wa paki ino. Akapanda kukondwa, ndinyamula chikwama, minibasi, kwa mayi kukatong'ola chimanga.

Mtima uli m'mwamba. Ndadya theka la mbatata basi.

Chikwangwani chilichonse chili ndi mizere itatu: dzina la mtengo m'Chichewa, dzina la Chilatini (ndaliona katatu m'buku kuopa manyazi), ndi ntchito ya mtengowo. Mzere wachitatuwu ndi nzeru zanga. Munthu sasamala chinthu chimene sadziwa phindu lake, tinaphunzira choncho ku koleji. Ntchito za mitengoyi ndinazitola kwa a Makwinja, mlonda wathu, mkulu wouma pakamwa. Zinanditengera masabata atatu ndi tiyi wamkaka wosawerengeka.

Mtima wa njira yonse ndi muwawani, cha kumtsinje. Ulipo umodzi wokha paki yonseyi. Panopa waphuka maluwa achikasu, ngati wavala chitenje chatsopano. Abwana anandiuza tsiku loyamba: "Zina zonse mukhoza kulakwitsa, koma muwawani uja muusamale. Unalipo paki isanabwere."

Masana. Takhoma zikwangwani pa zikhomo, osati pa mitengo. Ine sindibaya mtengo wamoyo ndi msomali!

A Makwinja aima pa muwawani, akuwerenga ndi chala: "Khungwa lake limathandiza m'mimba ndi malungo." Andiyang'ana. "Mwalemba zonse, madamu?" Ndati eya. "Chabwino." Chabwino ameneyu sanandisangalatse.

Lachiwiri

Alendo asanu ndi atatu! Masiku onse timalandira awiri, kapena mbuzi. Onse alemba mayina m'buku la alendo. Ndawaperekeza mpaka pakati pa njira, ndikufotokoza za mizu ndi kukokoloka kwa nthaka. Akumvetsera bwino zedi. Mayi Nachisale, ogulitsa tomato pa Songani, ali ndi mafunso anzeru: "Ndiye n'chowiritsa kapena chongoviika? Kapu yonse kapena theka?" Ndayankha monyadira. Anthu a ku Domasi amakonda chilengedwe, ankangosowa wowafotokozera.

Madzulo. Mayo ine.

Pa muwawani pali bala. Kukula kwake ngati chikhatho changa, loyera, lonyowa. Pa mtengo wa naphini pali mabala awiri. Mpoza aukumba kumizu.

Mwina ndi mbuzi.

Mbuzi siyenda ndi chikwanje.

A Makwinja akumata dothi pabalapo. Atatha: "Mtengo uwu tinkaudziwa anthu atatu chigwa chonse chino. Timasenda pang'ono kum'mawa, pang'ono kumadzulo, n'kumata dothi, n'kuusiya chaka. Zimenezo simunalembe." Ndikanalemba bwanji osandiuza? Akuti sindinafunse. Zoona, sindinafunse.

Zochita mawa:
1. Osadandaula.
2. Kuwonjezera mzere wachinayi.
3. Kuima pageti ndi nkhope yoopsa.

Lachitatu

Mzere wachinayi, zilembo zofiira: OSASENDA MAKUNGWA. Penti yandithera pa mvunguti, moti pamenepo palembedwa OSASENDA MAKU basi.

Alendo makumi awiri ndi atatu! Wina wajambula chikwangwani cha muwawani n'kutumiza pagulu la pafoni. Chafika ku Malosa, chafika ku Songani, mwina chadutsa kale Liwonde. A kabaza ayamba kuitanira pamsewu: "Kumankhwala! Kumankhwala mmodzi!"

Nkhope yoopsa yakhala mphindi zisanu. Woyamba pamzere ndi mkulu wa mpingo wa ku tchalitchi kwathu. "Mwadzuka bwanji, mwana wanga?" M'thumba la jekete muli chinthu chachitali. Ndingapise m'thumba la mkulu wa mpingo ine? Ndapinda maondo n'kuwapatsa cholembera.

Ndipo geti n'chiyani? Kumtsinje kulibe mpanda. Ndikaima kuno, kuja kukumveka go! go! Ndikathamangira kuja, ndikupeza anthu manja kumbuyo, akuyang'ana mbalame.

Zomwe ndamva lero:
Mayi Nachisale: "Ife sitikusenda, aphunzitsi, tikungopemphako pang'ono."
Bambo wa tayi ndi nsapato zopolisha, motsitsa mawu: "Mvunguti uja uli mbali iti? N'za mnzanga."
Agogo ena: "Mulungu akudalitseni. Ena onse ankatibisira."

Mawu a agogowa andilowa ngati minga.

Madzulo ndayeza muwawani. Phunziro langa lachiwiri, lomwe ndikaphunzitse ana Loweruka, limati: chakudya cha mtengo chimayenda pansi pa khungwa, ndipo bala likazungulira thunthu lonse n'kukumana, mtengowo wafa. Ndinajambula ndi chithunzi chomwe, chokongola. Khungwa lamoyo latsala zikhatho zisanu.

Abwana aimba foni. "Zonse zili bwino?" "Zili bwino kwambiri, bwana." Mawu atuluka okha.

Lachinayi

Ndalawirira kukagula penti pa Songani. Pamsika, pakati pa tomato ndi anyezi wa Mayi Nachisale, pali timitolo ta makungwa tomanga ndi luzi. Andiona, aphimba ndi nsalu, andifunsa ngati ndagona bwino. Sindinagone bwino!

Ndafufuta mzere wachitatu pa zikwangwani zonse. Ntchito yachabe. Zilembo zikuonekerabe pansi pa penti, komanso anthu aloweza kale. Mayi wina akuwerengera mnzake chikwangwani chopanda kanthu, osalakwitsa ndi liwu limodzi. Ana a sukulu akanamaloweza chonchi, bwenzi dziko lili patali.

Alendo makumi atatu ndi mmodzi, osawerengera olowera kumtsinje. Cholembera cha m'buku chatha inki.

Zikhatho zitatu.

Nzeru zomwe zandibwerera masana:
1. Kumanga minga kuzungulira mtengo. (Yomanga ndi manja imachotsedwa ndi manja.)
2. Kuitana apolisi. (Adzamange ndani? Mpingo wonse?)
3. Kuuza abwana zoona. (Ayi. Ayi ayi.)
4. Kuwaopseza.

Ndasankha 4. Chikwangwani chatsopano, chofiira chokhachokha: CHENJEZO! MTENGO UWU NDI POIZONI. Ndajambulapo ndi chigaza. Chigazacho chikuoneka ngati papaya, komabe.

A Makwinja: "Bodza pa chikwangwani, madamu?" Ndati ndi bodza lopulumutsa moyo. Apukusa mutu n'kupita kukathirira nazale.

Madzulo onse palibe wafika pa muwawani. Zatheka! Ndadya mbatata yathunthu.

Lachisanu

Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Sikisi koloko, anthu atsopano pageti, nkhope zomwe sindinazionepo. Wina makoswe amuthera mpunga. Wina anankafumbwe alowa m'matumba a chimanga. Wina akufunsa ngati poizoniyu amagwiranso nsomba mumtsinje. Nsomba! Kufunsa ine, mphunzitsi wa zachilengedwe!

Ndili mkati mokana, kabaza watulukira akuliza belu. Kumbuyo kuli amuna awo a Mayi Nachisale, maso ali tong'o, agwira pamimba. Mayi Nachisale akuthamanga pambuyo, mpango uli m'manja.

"Aphunzitsi! Bambo awa amwa makapu awiri dzulo! Lolemba munati mankhwala, lero mukuti poizoni! Mwandiphera mwamuna!"

Bambowo alibe vuto lililonse. Anali bwinobwino akupalira mbande za mpunga mpaka wina atawaonetsa chithunzi cha papaya wanga. Koma tsopano ayamba kutchula mayina a ana awo mmodzimmodzi. Ndipo si iwo okha. Theka la anthu a pamenepo amwa, ndipo aliyense wayamba kumva kutentha pachifuwa.

Ndikanatani? Ndakwera pa benchi, pamaso pa anthu onse, n'kunena mokweza kuti ndinanama. Si poizoni. Palibe afe. Koma amene akudwala apite kuchipatala, ine si dokotala, mtengo si chipatala.

Za kuchipatala palibe wamva. Chomwe amva: "Aphunzitsi atsimikiza okha kuti ndi mankhwala!" Ena aomba m'manja. Bambo aja atsika pa kabaza, apempha madzi, akuti m'mimba mwapepuka kuposa kale.

Sindinachitepo manyazi otere chibadwire.

Masana ndafotokoza za khungwa ndi chakudya cha mtengo, ndi chithunzi changa chija m'manja. Onse agwirizana nane. Onse akudandaula za anthu osakonda chilengedwe. Aliyense akuti iye anangotenga kachidutswa.

Chikhatho chimodzi. Chimodzi!

Ine ndi a Makwinja tamata dothi, takulunga thunthu ndi ziguduli, tamanga ndi waya. Chikwangwani cha poizoni ndachiponya kuseri kwa nazale. Chikhatho chimodzi chikhoza kupulumutsa mtengo, a Makwinja atero. Ingodutsa mawa. Ambuye, mawa lokha.

Ndasita diresi kawiri.

Loweruka

M'mawa kwambiri. Ziguduli zili m'malo, waya uli m'malo. Ndapuma. Kenako ndaona mfundo. Si mfundo yanga. Ndi yabwino kuposa yanga.

Ndamasula.

Bala lakumana.

Wina wabwera usiku, wasenda, wamatapo dothi bwinobwino, wabwezera ziguduli, wamanga. Munthu waulemu wake. A Makwinja anali kugeti, mlonda mmodzi sangakhale mbali ziwiri. Avula chipewa. Ine ndakhala pansi ndi diresi losita kawiri lija.

Ndabwezera ziguduli. Manja anga omwe.

Naini koloko. Abwana, aphunzitsi awiri, ana makumi anayi. Ndayenda nawo njira yonse, pakamwa pakulankhula pokha. Mabala a mitengo ina ndawaimira kutsogolo. Pa muwawani ana onse: "Eee, kukongola!" Abwana akuyang'ana m'mwamba, maluwa akuwagwera paphewa, akumwetulira. Mtsikana wina: "Madamu, ziguduli n'zachiyani?" Ndati tikuuteteza. Abwana: "Mwaona, ana inu? Kusamala ndi kumeneku."

Phunziro lachiwiri ndalidumpha.

Muofesi abwana atsegula buku la alendo. Tsamba. Tsamba lina. Tsamba linanso. Avula magalasi.

"Chitsegulireni paki ino sitinaonepo anthu chonchi! Mwachita chiyani?" Ndati zikwangwani, bwana. Apa ndimafuna kupitiriza, Mulungu ndi mboni. Mpweya ndinakoka kale. Koma agwira kale dzanja langa, akuligwedeza. Ntchito ndi yanga. Kalata ibwera Lachiwiri.

Ndipo m'galimoto muli mphatso: matabwa makumi anayi, opalidwa bwino. Gawo lakumtunda nalonso likhale ndi zikwangwani mvula isanayambe. "Ndipo mzere wa ntchito za mitengo uja mubwezeretse. Ndamva kuti anthu anaukonda kwambiri."

Ndati zikomo, bwana.

Lamulungu

Kutchalitchi andisiyira malo kutsogolo. Potuluka, Mayi Nachisale andipatsa tomato, sakufuna kumva zokana. Mayi anga pafoni alulutira mpaka foni kulira. Aliyense wakondwa. Ine mtima ukuwawa, ndipo palibe amene ndingamuuze kupatula kope lino.

Masana ndapita ku muwawani. Maluwa ali mbwee, njuchi zili piringupiringu, mthunzi uli pomwepo. Mtengowo sukudziwa. A Makwinja akuti ukhala wobiriwira mpaka mvula ithe, mwina kupitirira, kenako uyamba kuuma kuchokera kunsonga. Ndiye ndili ndi miyezi ingapo yodutsa pansi pake m'mawa uliwonse, alendo akuujambula.

Abwana ndiwauza. Kalata ikabwera. Kapena isanabwere. Ndiwauza.

Matabwa ali pakhonde, akununkha utuchi. Ntchito ndi ntchito. Ndatenga kope, ndapempha a Makwinja tikwere kumtunda tikayambe kulemba mayina.

Mtengo woyamba, wamtali, khungwa losalala lopanda ndi chipsera chomwe. "Uwu ndi chiyani, a Makwinja?" Auyang'ana kuyambira pansi mpaka m'mwamba. "Uwu sindiudziwa, madamu." Wachiwiri? "Umenewo ndi mtengo basi." Wachitatu saudziwanso. Munthu wobadwira m'chigwa chino, wodziwa tsamba lililonse ndi fungo lokha.

Tayenda mitengo makumi anayi. Sadziwa ndi umodzi womwe.

Sindinawakakamize.