Usipa wa Mlamu Wanga wa ku Mumbai

Pali zinthu zina zomwe munthu wamkulu sayenera kulonjeza pagulu la WhatsApp la banja la mkazi wake. Ine ndinazidziwa mochedwa.

Mlamu wanga Yamikani amaphunzira ku Mumbai, ndipo ankangodandaula kuti tsabola wa kumeneko wamutopetsa, akulakalaka usipa ndi chiponde. Apongozi anga ku Blantyre analemba kuti mwana akutha thupi. Ine, mkamwini wa ku London (udindo womwe ndimaunyamula ngati mendulo), ndinaona mpata wowala. Ndinali nditamva kutchalitchi ku Tottenham kuti Mayi Tembo, namwino wochokera ku Lusaka, akupita ku Manila ku ukwati wa mnzawo wa kuntchito. Kwathu munthu akamapita ulendo timamusenzetsa katundu, ndiye ndinalemba kuti, "Amayi, musadandaule. Ndili ndi munthu wopita ku Asia." Apongozi anayankha ndi timanja topemphera, ndipo Yamikani anaitaniratu anzake kudzadya.

Ndinapita ku Peckham kukasaka zonse, n'kukulunga m'mapulasitiki, n'kukwera sitima ya pansi pa nthaka. Usipa sudziwa kusunga chinsinsi. Kwa nthawi yoyamba chibwerere kuno, ndinakhala ndi mipando yopanda anthu mbali zonse.

Titatuluka m'tchalitchi ndinawapatsa Mayi Tembo phukusi lija mwaulemu, ndi manja awiri.

"Mukangomusiyirako ku Mumbai podutsa."

"Podutsa kuti?"

"Si ku Asia komweko?"

Anandiyang'ana ngati wodwala amene wameza mankhwala a mnzake. Anatulutsa foni, anthu n'kuyamba kutizungulira (Akhristu sachedwa kufika pomwe m'bale akugwa).

"Imwe, onani map. Manila na Mumbai ni monga London na Lagos. Flight yeka ni ma hours seven so, manje nikachinje ndeke, nikapeze visa, chifukwa cha kapenta?"

Ndinayesa kudziteteza kuti pafoni yanga mizinda iwiriyo imakwana pansi pa chala chimodzi. Mkulu wa mpingo anandigwira phewa n'kunena kuti pafoni yake Malawi yense amakwana pansi pa chikhadabo, koma sanayambe wapitako wapansi.

Ndinabwerera nalo phukusi, mipando yanga yopanda anthu ikundidikira. Mkazi wanga anakana kundilembera uthenga wopepesa, akuti amene anayamba nyimbo aimalize. Anzake a Yamikani anadya mpunga wa tsabola. Usipa tinadya tokha, ndipo manyazi ndinali nawo enieni.

Apongozi sanandikalipire, ndi anthu opemphera. Amangoti akaimba foni n'kumva kuti ndikupita kuntchito ku Romford, konkuno ku London, amanena mofatsa kuti, "Akamwini, mutisiyireko shuga ku Blantyre podutsa."