Mmene ndinapezera dzina la Abiti Ludzu

Mukadzafika ku Domasi, kumunsi kuja kumene amalima mpunga, n'kufunsa za mayi wa ku Thyolo amene anakhalako zaka zija matipate atangoyamba, palibe amene adzandikumbukire. Koma mukadzangoti "Abiti Ludzu", adzakupatsani mpando, chifukwa nkhaniyo amaikamba akupukuta misozi ndi kuseka. Ndiye bola ndikuuzeni ndekha iwo asanathiremo mchere wawo.

Tinali titangokwatirana kumene. Amuna anga anapeza ntchito ya ulonda ku Limbe, ndipo poti kachipinda kawo kumeneko kanali kosakwana anthu awiri, anandisiya ku Domasi kuti ndiziyang'anira nyumba ya malemu azakhali awo. Ankabwera kumapeto kwa mwezi, ndipo akabwera ankangogona, poti mlonda tulo amabwera nato kunyumba. Mwana ndinalibe. Mabatire a wailesi anatha sabata yoyamba yomwe. Ndinafika pomacheza ndi nkhuku. (Inali imodzi yokha, ndipo nayonso masana inkathawira kwa aneba.)

Anebawo anali Abiti Saidi, mayi wachikulire wa Chisilamu, ndi mwana wawo Mariamu amene anali ndi khanda kumsana. Sanali anthu oipa ayi. Tikakumana pachitsime ankandipatsa moni bwinobwino, kenako n'kubwerera ku Chiyao chawo, ine n'kutsala ndikuyang'ana ndowa. Dzina langa palibe ankalidziwa. Mudzi wonse ndinali "akazi a alonda".

Tsono unafika mwezi wa Ramazani. Dzuwa likangolowa, kumzikiti n'kuitana, kuseri kwa mpanda kwa Abiti Saidi kunkadzaza amayi. Fungo la futali, mbatata yotendera ija, linkadutsa mpanda ngati mwini nyumba. Kuseka kwake, inu! Ine ndinkatseka chitseko kukadawala kuti asaganize kuti ndikukhumbira chakudya chawo, n'kudya ndekha khutu lili kukhoma. Sichinali chakudya chimene ndinkafuna. Ndinkafuna kukhala nawo pamphasa ija, wina andigunde ndi chigongono poseka. Kusungulumwa kunkandiwawa ngati dzino.

Mutu wangawu unandiuza kuti mphasa imeneyo ndi ya anthu amene amanga tsiku lonse, osadya osamwa. Basi, njira ndinaipeza. M'mawa mwake pachitsime ndinatsokomola kaye, kenako ndinalengeza.

"Mayi, mawa nanenso ndimanga nawo."

Abiti Saidi anatula ndowa. "Inu? Si inu a ku Mishoni kodi?"

"Ifenso timasala kudya kwathu," ndinatero. (Zoona zake n'zakuti chimene ndinali nditasalapo m'moyo mwanga chinali shuga, nayenso chifukwa chosowa.)

"Mwanangu, dzuwa la masiku ano si la masewera. Ndiponso mawa tikukawokera mpunga kudambo."

"Ndikawokera nawo. Ife a ku Thyolo tinakulira m'minda ya tiyi, ntchito sitiiopa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala, n'kungoti, "Chabwino." Funso ngakhale limodzi sindinafunse. Paja safunsa anadya phula.

Madzulo ake ndinakazinga matemba a ku Chilwa, n'kuthira mchere wambiri kuti akome, poti ndinkati ndikudzikonzera mphamvu za mawa. Madzi sindinamwe ambiri poopa kudzukadzuka. M'bandakucha ndinamva mapoto akugundana kwa aneba monga masiku onse, ndipo ndinati mumtima, koma amayi awa ndi aukhondo, kutsuka mapoto nthawi ino! Ndinatembenuka n'kugonanso. Sindinkadziwa kuti anzanga nthawi imeneyo amakhala akudya dakwi, chakudya cha kusanache, n'kumwa madzi mpaka mimba kuti ndi.

Amuna anga ankakonda kunena kuti mlonda akafuna kuthamangitsa tulo ndi ulesi amadzithira madzi ozizira. Ndiye kutangocha ndinatsikira kumtsinje wa Domasi. Madzi amenewo amachokera kuphiri la Zomba, ndipo m'mawa amakhala ngati ali nawe chifukwa. Nditadzigwetseramo, mpweya unathawa, mano n'kuyamba kuwombana okha. Koma potuluka, ha! Thupi linapepuka, maso anatseguka, ndinkangomva ngati ndingathe kunyamula njinga ndi mwini wake yemwe. Ndinati basi, mankhwala ndawapeza. Duku ndinalisiya dala, chifukwa tsitsi ndinali nditaluka bwino ndipo ndinkafuna alione.

Kudambo tinalipo amayi angapo. Mvula inali itadula masiku amenewo, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Anzanga anamanga maduku mpaka m'makutu, n'kuwerama, n'kumabzala mbande pang'onopang'ono ngati akusankha nyemba. Sankayankhula n'komwe. Ine ndinawaona ngati aulesi. Ndinatenga mtolo wa mbande n'kuliyatsa liwiro, matope akuthovoka, nyimbo ya kwaya ili pakamwa. Ndinatha ndime yanga iwo ali pakati.

"Pang'onopang'ono, akazi a alonda," anatero Abiti Saidi osadzutsa mutu. "Kuthamanga si kufika."

"Musadere nkhawa, mayi. Ndasamba madzi ozizira."

Dzuwa litakwera, mphamvu za madzi ozizira zija zinanditsanzika osanena kumene zikupita. Matemba aja anayamba kundikumbutsa kuti alipo. Nyimbo inauma yokha. Lilime linakula m'kamwa, paliwombo pamene ndinasiya poyera panayamba kuwotcha, mutu n'kumagunda ngati muli munthu akusinja. Ndipo taganizani, ndinali nditaimirira m'madzi! Madzi m'miyendo, madzi kutsogolo, madzi kumbuyo, achule akusambamo mosangalala, ine kukhosi kuli gwa. Ngakhale malovu ndinkawalavula, chifukwa ndinali nditamva penapake kuti kumeza malovu n'kulakwa. (Pambuyo pake ndinamva kuti lamulo limenelo kulibe. Ndinali nditadziwonjezera ndekha.)

Mariamu anali pansi pa mtengo wa mango akuyamwitsa, chigubu cha madzi chili pambali. Ndinamuona akupendeketsa chigubucho, khosi lake likuyenda, ndipo ndinaiwala kuphethira.

"Achemwali, bwerani mudzamwe," anandiitana. "Ine woyamwitsa sindimanga. Inunso palibe wakukakamizani."

Mukudziwa chimene ndinayankha? "Zikomo, ndilibe ludzu." Mawuwo anatuluka ngati a khwangwala. Ndinkati ndikangomwa, mphasa ija yandipita.

Dzuwa lisanafike pamutu, amayi onse anasamba m'miyendo n'kunyamuka. Womanga sagwira ntchito masana, anatero Abiti Saidi, tiyeni tikapume. Ine, wamakani, ndinati pitani, nditsirize kachigawo aka. Ndinkafuna madzulo akanene kuti koma mtsikana wa ku Thyolo uja ndi chamuna.

Za pamenepa ndimazikumbuka mwa apo ndi apo. Mizere inayamba kukhota. Maso ankaona timadontho takuda. Ndinkangobzala, kubzala, kubwerera chambuyo, mpaka ndinadumpha kamalire kena osadziwa. Nditadzutsa mutu ndinaona bambo wina wachipewa atakhala pachulu akusenda nzimbe.

"Pitirizani, mayi, mukuchita bwino," anatero.

"Ndinu ndani?"

"Ndine Likaka, mwini munda mukubzalawu. Wa Abiti Saidi unathera uko. Ndimati ndikuuzeni, koma ndinaona kuti mwaikapo mtima."

Kalanga ine! Mbande za eni ake ndinali nditazithera m'munda wa munthu wina. Ndinafuna kumulalatira, koma pakamwa panalibe chonyowetsera mawu. Ndinangotembenuka n'kudzandira kulowera kumtsinje, ndikuganiza kuti mankhwala a m'mawa aja agwiranso ntchito. Sindimwa ayi, ndinadziuza, ndingoziziritsa thupi.

Thupi lotentha chotero kulowa m'madzi a kuphiri, zotsatira zake sindingazifunire ngakhale mdani. Akatumba a miyendo yonse iwiri anakokana nthawi imodzi, ndinakuwa, n'kugwa chafufumimba pamalo osaya. Nkhope inalowa m'madzi, pakamwa pali yasa. Kunena zoona, kumeza koyamba kunali kwangozi. Kwachiwiri, kwachitatu ndi kwina konseko kunali kwa dala. Ndinamwa nditagwada ngati ng'ombe, matako kumwamba, chitenje chitakwera, mpaka m'mimba munayamba kuchita kapwa kapwa.

Nditadzutsa mutu, patsidya panali Abiti Saidi. Anali atabwerera kudzandifuna, duku lapadera lili m'manja. Kumbuyo kwawo kunali a Likaka ndi nzimbe yawo.

Ndinakwawira kumtunda, n'kutsimphina kupita kunyumba osacheuka. Ndinatseka chitseko, n'kudzifunditsa bulangete dzuwa likuswa mtengo, chifukwa tsopano ndinkanjenjemera ngati wodwala malungo. Ndinalira, abale. Sikuti chifukwa cha miyendo kapena mutu, koma chifukwa ndinadziwa kuti mphasa ija sindidzakhalapo, ndiponso mbande za anthu ndawataira. Ndinayamba kuganiza zokwera minibasi kubwerera kwa amayi anga ku Thyolo.

Dzuwa linalowa. Kumzikiti anaitana. Fungo lija linadutsa mpanda monga mwa masiku onse, ndipo kuseka kunali kokulirapo kuposa kale. Chimene ankaseka ndinkachidziwa.

Kenako ndinamva kugogoda pachitseko.

"Odi! Tsegulani, Abiti Ludzu!"

Ndinakokera bulangete kumutu.

"Tsegulani, ine ndamanga tsiku lonse, ndilibe mphamvu zothyola chitseko."

Ndinatsegula. Abiti Saidi analowa ndi kapu ya thobwa, n'kundiimirira mpaka nditaimaliza. Kenako anandigwira dzanja kuti tiyeni.

"Mayi, ine sindinamalize kumanga. Munaona nokha."

"Ndinaona, ndipo sindidzaiwala mpaka kufa. Nanga zikukhudzana bwanji ndi futali?"

"Si cha omanga okha?"

Anandisiya dzanja n'kundiyang'anitsitsa. "Ndiye mwadzizunza chonchi chifukwa cha mbatata? Mwana iwe! Futali amadya aliyense wodutsa, ngakhale a Likaka ali kumeneko panopa akupepesa ndi nthochi. Ife timaona mukutseka chitseko kukadawala, timati mwina akazi a alonda amanyansidwa ndi zakudya za Asilamu. Mariamu wafika pakhomo lino kangapo ndi mbale n'kubwerera nayo."

Masiku onse aja ndili khutu kukhoma, mbale inali kuseri kwa chitseko changa chomwe.

Madzulo amenewo ndinakhala pamphasa. Anandiseka mpaka ena kugona chagada, a Likaka akuonetsa mmene ndinagwadira, ndipo mayi wina amene sindinkamudziwa n'komwe anandigunda ndi chigongono. Nanenso ndinaseka, milomo yong'ambikayo ikuwawa. Kuyambira tsiku limenelo ndikadutsa pachitsime ankakuwa kuti, "Abiti Ludzu, mtsinje mwatisiyirako?" Amuna anga atabwera kumapeto kwa mwezi anafunsa njira ya kwa akazi a alonda, mwanthabwala, ndipo anthu anawayankha kuti kuno kulibe munthu wotero.

Za madzi ndinaphunzira ndithu. Mpaka lero sindichoka pakhomo popanda botolo, duku silichoka kumutu, ndipo madzi osamba ndimatenthetsa ngakhale mu Okutobala. Ana anga amandiseka.

Abiti Saidi anatisiya kalekale. Amuna anganso anapita, ana ali m'makomo mwawo, ndipo ine ndimakhala ndekha kuno ku Bangwe. Kuseri kwa mpanda wanga kunabwera banja lina chaka chatha, ndipo madzulo aliwonse amakhala pakhonde akuseka. Dzulo ndinaphika futali mbale yodzaza, ndinafika nayo mpaka pageti lawo, n'kuimirira pang'ono. Ndinabwerera nayo.