Mbava Zitatu ndi Mphoto ya Helemeti

Nzeru yoba njinga zamoto inabadwira kuseri kwa kabala kena, masana dzuwa likuswa mtengo, mowa utayamba kulankhula m'malo mwa eni ake. Mzamba wake anali Kazembe. Dzinali anthu anamupatsa chifukwa anapitako kunja kamodzi. Masiku ambiri a ulendowo anawathera m'chitokosi cha pabwalo la ndege podikira kuti amubweze, komabe chibwerereni sankatha kupempha ngakhale machesi osatchulapo zakunja.

Kumanja kwake kunakhala mlamu wake Chigamba, womata matayala pafupi ndi depoti, amene anakwatira mlongo wake wa Kazembeyo. Kumanzere kunali Bwampini, wonyamula katundu pamsika, chimunthu chamutu ngati mtsuko, chimene maganizo ake onse ankayambira m'mimba n'kutheranso momwemo.

"Amuna anzanga, alendo odzaona malowa kwawo ndi akapolo," anatero Kazembe akukonza magalasi ake akuda omanga ndi waya. "Kumeneko ukayetsemula pamsewu, kamera yakujambula, mawa chindapusa chili pakhomo. Ndiye akafika kuno amati ufulu ndi umenewu. Amabwereka nthuthuthu, malaya kuvula, patapata kuphazi, helemeti pachigongono ngati dengu lokagulira ndiwo. Pofika madzulo onse ali pamzere kuchipatala, mawondo ali psuu ngati tomato."

"Nanga ife zikutikhudza pati, alamu?" anafunsa Chigamba.

"Mukuwadziwa Mayi Malamulo?"

Panalibe wosawadziwa. Anali ndi shopu yobwereketsa njinga zamoto kwa alendo, ndipo atatopa ndi kuvuula makasitomala awo m'ngalande, anakhazikitsa lamulo: mlendo aliyense asanagwire njinga, azikhala kaye m'kalasi ola lathunthu, chitseko chotseka, n'kuonera kanema wa ngozi. Nthawi imeneyo wantchito wawo ankandandalika njinga panja, makiyi ali momwemo, helemeti ndi jekete lowala zili pahandulo, kenako n'kulowa kukayatsa kanemayo.

"Ndiye kuti nyama yaphikidwa kale, yangotsala kupakula," anatero Kazembe. "Mnzanga wogula zitsulo akutidikira kutsidya kwa mlatho."

"Pakhoma paja pali kamera," anatero Chigamba.

"Kamera imajambula nkhope, alamu, siilowa m'helemeti. Ndipo mvetsetsani apa, pamene pagona sukulu yanga yonse. Mbava zopusa zimathamanga, ndipo wothamanga amaitana yekha apolisi. Ife tivala zonse, titsatira lamulo lililonse, tiyenda ngati tikuperekeza maliro a bishopu. Ndani angatiimitse?"

Bwampini anaomba patebulo mpaka mabotolo anavina. "Bigi, mutu wanuwu ndi wofunika inshulansi!"

Chigamba sanaseke. Mkazi wake anali woyembekezera, ndipo anali atamuuza akusita malaya, osakweza n'komwe mawu: "Mukadzatsatanso achimwene angawo, mudzapeza nyumba ino ili pululu, ndipo mwanayu adzakudziwirani pachithunzi." Koma Kazembe ankadziwa pofinya. Anati njinga ziwiri agulitsa, yachitatu aipenta ikhale ya Chigamba, azinyamulira anthu, asiye kupuma fungo la guluu. Chigamba anadziona ali pa njinga yakeyake, kamwana kali pathanki. Anamwa mowa wotsalawo n'kugwedeza mutu.

M'mawa mwake zonse zinali monga momwe Kazembe ananenera, chinthu chimene chinamudabwitsa ngakhale iye mwini. Njinga zinali ndondondo, zonyezimira, dzina la shopu litalembedwa pathanki ndi zilembo zachikasu. M'kati munkamveka mawu a Mayi Malamulo akufotokoza mmene chigaza chimaphulikira. Atatuwo anadutsa atawerama ngati akufunafuna ndalama yotayika, kenako aliyense n'kulowetsa mutu m'helemeti. Ya Bwampini inakana. Chigamba anachita kuimenya ndi chibakera pamwamba, ndipo inalowa ndi kaphokoso ngati chivindikiro cha botolo.

Anakankha njingazo mpaka pakona. Apo m'pamene chinsinsi china chinaululika.

"Alamu," ananong'ona Kazembe, "kilachi ndi iti?"

"Si munkati kunja munkayendetsa?"

"Zakunja n'zamagetsi, zimangomva mawu."

Nayenso Bwampini ankangodziwa njinga yakapalasa. Chigamba, thukuta lili kamukamu m'helemeti, anatsegula sukulu pomwepo: iyi kilachi, iyi giya, iyi buleki, uyu hutala musamukhudze. Njinga ya Kazembe inadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu n'kuzima. Inadumphanso n'kuzimanso. Pamapeto pake zonse zinanyamuka, pa giya yoyamba, ndipo panalibe amene analimba mtima kufunafuna yachiwiri.

Tawuniyo inali isanaonepo zotere. Anthu atatu, mahelemeti omanga bwino, majekete owala, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, indiketa ikuphethira patali asanafike pokhota. Pamaloboti ankaima ngakhale kulibe galimoto. Mayi wina wosenza mtolo wa nkhuni anawapitirira wapansi n'kuwapatsa moni. Alendo enieni ankawadutsa ngati mphepo, atatu panjinga imodzi, wina akudzijambula ndi foni, tsitsi lili petupetu.

Mtima wa Chigamba unayamba kukhala pansi. Mlatho unali kuonekera. Mwina mlamu wakeyu, kamodzi kokha m'moyo, anali atalasa.

Atangokhota, anaona mbendera, tenti, ndi chinsalu cholembedwa kuti Sabata ya Chitetezo Pamsewu. Panali apolisi apamsewu, ana asukulu ovala yunifomu odzaimba nyimbo, ndi mtolankhani wa wailesi atanyamula maikolofoni. Pakati pa msewu panaima mayi wina wapolisi, sajeni, mkono uli m'mwamba.

Sajeniyo anali atavutika kuyambira m'mawa. Akuluakulu ake anamutuma kuti apeze mlendo mmodzi yekha womvera malamulo, amupatse mphoto wailesi ikuulutsa. M'malo mwake benchi inali itadzaza ndi alendo ogwidwa. Wina wandevu, wopanda malaya, bondo lili ndi bandeji, ankakangana naye kudzera mwa womasulira.

"Akuti kwawo malamulo anamukwana, kuno anabwerera mphepo," anatero womasulirayo. "Akuti mutu ndi wake, akafuna kuuswa auswa."

"Muuzeni kuti mutu ndi wakedi, koma wokautola ndi fosholo ndine," anayankha sajeni.

Atatero anatembenuka, n'kuona zozizwitsa zitatu zikubwera pang'onopang'ono, zikuwala ngati angelo. Anagwira pamtima.

"Imani! Imani, ana a Mulungu inu!"

Chigamba anafinya buleki. Anaima. Kazembe anaima pogunda tayala la Chigamba, Bwampini pogunda la Kazembe. Ana asukulu anayamba kuimba, apolisi akuomba m'manja.

"Tiuzeni, mwachokera dziko liti?" anafunsa mtolankhani atalozetsa maikolofoni pagalasi la helemeti ya Kazembe.

Chigamba anamuponda phazi mlamu wakeyo. Koma Kazembe anali atadikira maikolofoni moyo wake wonse. Anatulutsa mawu kudzera m'mphuno.

"Ine mulendo. Ine chokera kutali, kutali kwambiri. Ine konda lamulo. Lamulo ndi bwenzi. Munthu wopanda helemeti ali ngati dzira mu thumba la misomali."

Khamu linakuwa. Sajeni anapukuta msozi. Wandevu uja atamasuliridwa anafuula kuti ameneyo ndi wogulitsa anzake, ndipo Kazembe anamutembenukira n'kumulalikira kuti ufulu wopanda buleki umathera kumochale. Anafotokoza za misewu yakunja, za kamera, za chindapusa, zonse zimene dzulo lake ankazinyoza, lero akuzitamanda ngati ndiye anazipanga. Mawu a m'mphuno aja ankaiwalika pena ndi pena, mpaka anaponyamo mwambi wathunthu wakuti safunsa anadya phula. Mtolankhani anauza omvera kuti mlendoyu waphunzira chinenero mofulumira modabwitsa.

"Alamu, tiyeni," ananong'ona Chigamba. "Tathokozani tizipita."

"Mukundidula pa wailesi, alamu? Dziko likumvetsera."

Mphoto inabwera: ambulera, sikipa, ndi katoni ya mabisiketi ndi zakumwa. Bwampini ataona katoniyo anayamba kulimbana ndi helemeti yake kuti apeze pakamwa, koma inali itamugwira ngati ngongole ya katapila. Anayesa kulowetsa bisiketi pansi pa chibwano. Inaphwanyika.

"Tsopano chithunzi cha m'nyuzipepala," anatero sajeni. "Vulani mahelemeti, dziko lione nkhope za anthu aulemu."

"Chipembedzo chathu sichilola," anatero Chigamba mofulumira.

Koma atacheuka anapeza Kazembe atavula kale, akupesa tsitsi ndi zala, magalasi a waya aja ali pamphuno, akufunsa wojambula mbali imene kuwala kuli bwino.

Sajeni anamuyang'ana kanthawi, ngati munthu amene akukumbukira nyimbo koma mawu ake akumuthawa. Kenako maso ake anagwera pa zilembo zachikasu za pathanki.

"Aa, ndi njinga za Mayi Malamulo! N'chifukwa chake! Mayi amenewo ndiwo akuyenera ulemu. Aimbireni foni, amve dziko lonse likuwathokoza."

Mtolankhani anaimba, n'kulumikiza foniyo ku zokuzira mawu.

"Mayi, muli pa wailesi. Tili ndi alendo anu atatu pano, apambana mphoto ya chitetezo!"

"Alendo anga?" mawu a mayiwo anamveka msewu wonse. "Alendo anga onse ali muno, kanema sanathe. Palibe amene ndamupatsa njinga. Tadikirani ndisuzumire panja."

Kunamveka mapazi, kenako chitseko. Kenako kunabwera mkuwo umene unachititsa zokuzira mawu kulira ngati nkhumba yophedwa.

"Mayo ine! Akubaaa! Njinga zanga zitatu! Agwireni, musawapatse ambulera, agwireni!"

Ana anasiya kuimba. Kazembe anadumphira panjinga, n'kufinya chimene ankaganiza kuti ndi kilachi. Anali hutala. Anakhala pomwepo akuliza hutala, miyendo ikupalasa pansi, mpaka wapolisi anamugwira kolala mwaulemu. Bwampini ananyamula katoni n'kuliyatsa liwiro la wapansi, koma galasi la helemeti linali litachita nthunzi ndi mpweya wake. Anakaomba mzati wa tenti, tentiyo n'kumugwera, n'kumukulunga ngati mphatso.

Chigamba yekha ndiye ankadziwa chochita. Anaponda kamodzi, injini inabangula, giya yachiwiri, yachitatu, mphepo n'kuyamba kuimba m'makutu. Mlatho unali pomwepo. Kutsidya kunali tinjira tambirimbiri timene ankatidziwa ngati m'thumba mwake. Palibe amene anaona nkhope yake. Akanafika kunyumba, kusamba, n'kukhala pakhonde ngati munthu wosalakwa.

Koma m'chipwirikiti chija mphunzitsi anali atayamba kuthawitsa ana asukulu aja, ndipo anawalowetsa pamizere yowolokera anthu, kutsogolo kwenikweni kwa mlatho. Anali ogwirana manja awiriawiri. Kumapeto kwa mzere kunali kamtsikana kakang'ono kokoka sokosi imene inkagwa. Pakati pa iko ndi anzake panali mpata, wokwanira njinga ngati munthu atatseka maso n'kupemphera.

Chigamba sanatseke maso. Anafinya buleki zonse ziwiri, tayala linalira, njinga inaima chala chimodzi kuchokera pamzere woyera. Kamtsikanako kanamuyang'ana, kanakweza sokosi yake bwinobwino, n'kumuuza kuti, "Zikomo, amalume."

Sajeni sanathamange n'komwe. Anayenda mwachifatse, anafika, anazimitsa injini n'kusolola kiyi.

"Mwa anthu onse amene ndaimitsa chaka chino," anatero akumumanga unyolo, "woyendetsa bwino ndinu. Zikundipweteka kwabasi."

Mayi Malamulo anafika pa takisi, alendo awo ali pambuyo ndi makamera, akuganiza kuti ndi gawo la maphunziro. Anayendera njinga zawo imodziimodzi osapeza ngakhale kokalika, ndipo anavomera monyinyirika kuti sizinabwererepo zili bwino chonchi. Helemeti ya Bwampini inatheka ndi sopo ndi amuna anayi. Mutu utangotuluka, anafunsa ngati mabisiketi aja akadali awo.

Galimoto ya apolisi inali itapita kukatenga akuluakulu odzatseka mwambo, choncho panalibe kuchitira mwina koma kutengera akaidiwo kupolisi pa njinga zamoto za apolisi, aliyense kumbuyo kwa wapolisi wake. Chigamba anakwera akusinkhasinkha mawu oyamba okauza mkazi wake, osawapeza. Kazembe anakweza mwendo, kenako anaubweza.

"Helemeti yanga ili kuti?"

"Mahelemeti onse ndi umboni wa kukhoti," anatero sajeni. "Kwerani."

"Mutu uli pamtunda chonchi? Pamsewu umenewu? Amayi, mukufuna mundiphe?"

Anamukweza mokakamiza. Njinga zitanyamuka, wandevu uja anaimirira pabenchi n'kumuombera m'manja, akufuula kuti amve kukoma kwa mphepo. Ndipo mpaka anakazimiririka pakona, Kazembe anali atakakamira m'chiuno mwa wapolisi, maso ali tsinzinu, akukuwira mtolankhani:

"Ulutsani zimenezi! Apolisi akuphwanya malamulo! Pang'onopang'ono, bwana, indiketa, indiketaaa!"