Pulopela ya Makasu

Lolemba
Bua wadzaza. Akutsidya akuzungulira mtunda wonsewo kukafika ku msika wa Nsaru. Zaka zino! Ine ndi digiri yanga ndizingoyang'ana? Bwato ndakhoma kale: migolo pansi, matabwa pamwamba. Injini ndabwereka yothirira dimba kwa amalume. Mawu awo: "Likapanda kuwolotsa munthu pofika Loweruka, sabata yamawa uli m'chigafa, kusoka fodya." Ine m'chigafa? Chatsala ndi pulopela basi.

Lachiwiri
Pa intaneti akuti bwato la migolo ndi lolemera, limafuna pulopela ya mapiko anayi, otambalala, opendekeka pang'ono. Ndatuma a Chikakuda, kondakitala wa minibasi, akandipezere m'tauni. "Pulopela? Mbwee, bwana wanga."

Lachitatu
Yabwera. Chitsulo chachitali ngati munsi, chochotsa kunsi kwa lole. Mapiko palibe. A Chikakuda akuti, "Pulopela ndi imeneyi, funsani makaniko aliyense." Ndafunsa awiri pa Kabudula. Akuvomereza! Dziko lino lidzatukuka liti?

Lachinayi
Ndasintha chilankhulo. Ndati chokupiza, chozungulira, cha mapiko. Andibweretsera fani ya galimoto, ya pulasitiki. Ndamanga, ndaliza injini. Kungogunda madzi, mapiko onse thyo! Pano akuyandama kulowera ku Kasungu. Bwato lili pomwe linali.

Lachisanu
Ndipanga ndekha. Zofunika:
makasu anayi (amayi sanadziwebe)
wowotcherera wosafunsa mafunso
magetsi
Magetsi abwera madzulo. Wowotcherera akuti, "Kodi achimwene, mukufuna kulima m'madzi eti?" Ndawauza angowotcherera basi. Pulopela yatuluka yokongola zedi!

Loweruka
Kudooko anthu ngati pa ukwati, koma wokwera ndi mmodzi: mayi wina, tenanti wa pa esiteti, ndi dengu la tomato. Injini phuphuphu! Bwato likubwerera m'mbuyo, kukagunda gombe. Khasu limakokera kwa mwini wake, ndinaiwala zimenezo. Palibe vuto! Ndatembenuza bwato, kumbuyo kwakhala kutsogolo. Tikuyenda! Anthu akuimba mluzu! Ndikudziona pa wailesi!
Kenako mchenga. Makasu ayamba ntchito yawo yeniyeni: kukumba, kuponya matope, kukumbanso. Injini zii. Mayi uja akwinya chitenje, dengu pamutu, madzi m'chiuno, mpaka kutsidya.
Ndikukuwira amalume kuti munthu wawoloka. Iwo: "Wawoloka ndi miyendo yake, mphwanga. Koma mzere wakowo waongoka, ukhoza kubzalapo mbatata."

Lamulungu
Injini yabwerera kwawo pa ngolo. Kutchalitchi aliyense akundipatsa moni ndi manja awiri: "Mwadzuka bwanji a kapitawo a sitima?" Ngakhale akulu a mpingo.
Amalume atumiza singano yosokera fodya. Akuti ndilawire mame asanakamuke, ndipo singanoyo ndisaiwotcherere kalikonse.