Chokoleti cha tsabola kwa apongozi

Lolemba
Loweruka ndi chilanga mulilo changa. Azimayi a kwathu adzasenza zakudya kupita kwa makolo a Mwansa ku Highridge, dera la olemera, akaone zimene mwana wawo azidya akandikwatira. Ndamva kuti apongozi anafunsa, "Mtsikana wa ku Katondo adziwa chiyani kupatula tinsomba ta kapenta?" Zandiwawa! Ndiwaonetsa. Chokoleti chopanga ndekha, monga ndaonera pa foni:
- cha masuku
- cha malambe
- cha tiyi wa mandimu
- cha tsabola

Ndiyamba mawa.

Lachiwiri
Masuku ali ndi madzi. Chokoleti sichifuna madzi. Bwanji wa pa foni uja sananene? Chaundana ngati dothi la pachulu. Ngakhale galu wangonunkhiza n'kuchoka.

Lachitatu
Cha malambe chatheka, chonyezimira bwino! Ndaika m'furiji, malaiti apita. Kutentha kwa Kabwe mwezi uno, Ambuye! Madzulo ndikutsegula, ndikupeza phala.

Lachinayi
Cha tiyi wa mandimu. Atate akulawa, akutafuna, akutafunabe. Kenaka: "Mwanawe, sopo uyu ngwochapira kapena ngwosambira?" Ndikulirira ku bafa. Apongozi aja mwina sananame.

Lachisanu
Chatsala cha tsabola chokha. Chatheka! Cholimba, chotsekemera, kenaka kamoto kummero. Ndathamanga nacho ku Natuseko kwa mnzanga wa furiji ya sola, chagona bwino mpaka madzulo pamene ndabwera nacho kunyumba.

Azakhali afika kuchokera ku Chipata, ndiwo atsogolere zophika. Akuchiyang'ana, akuchigogoda ndi chala. "Chikanda chanji chouma chotere?" Ndikufotokoza. Akugwedeza mutu, koma maso ali pa nkhuku zawo. Ndili ndi mantha.

Loweruka
Mkwatibwi sapita nawo, ndiye mwambo. Ng'oma zanyamuka, miphika yokulunga m'zitenje ili pamitu, ine ndatsala ndikuluma zala.

Ndikulowa m'khitchini. Mbale yanga ya chokoleti ili mbee! Pambali pake poto, m'kati mwakuda bii. Ndikuimbira azakhali.

"Iwe, chakudya chozizira, cholimba gwa, kwa apongozi? Ufuna atiseke? Ndatenthetsa, ndathira pa nkhuku."

Mayo ine! Ukwati watha usanayambe.

Lamulungu
Sindikumva ngakhale ulaliki ku Misa. Potuluka, Mwansa akuimba foni, akuseka. Akuti amayi ake ananyambita zala, anakaniza alendo mphika wonse wa nkhuku. "Nkhuku yotere sindinadyepo. Mtsikana uja ngwathu."

Ndinafuna kuvina. Kenaka ndakumbukira: zimene waonetsa pa chilanga mulilo ndizo uziphika m'banja.

Ndikufunsa azakhali kuti anaphika bwanji, anathira zingati, anayamba ndi chiyani.

"Ndinangothira, mwanawe. Nzeruzo nzako."

Akwera kale basi ya ku Chipata. Malaiti kulibe. Apongozi akubwera Lachitatu, akuti ndidzawaphunzitse.