Chifalansa ndi Kajapani

Lolemba
Komiti ya ukwati yandipatsa udindo: kusankha galimoto yonyamula mlongo wanga Tadala Loweruka, kuchoka kuno ku Mitundu kukafika kutchalitchi ku Nathenje. Abusa akumeneko sadikira. Ikakwana naini mkwatibwi kulibe, ukwati mwezi wamawa. Zazing'ono izi kwa munthu wa digiri. Zopikisana ndi nkhalamba ziwiri: Chifalansa cha malume a Gwaza ndi Kajapani ka a Chimtengo, ankhoswe akuchimuna. Ndagula kope.

Lachiwiri
Chifalansa: masilinda anayi, giya pachiwongolero, mpando wautali ngati benchi ya kwaya. Pamsewu wafumbi mabampu sawamva. Zitseko zinayi, zotseguka ziwiri. "Ichi sichiyenda, mphwanga, chimasambira," akutero malume. Nkhuku yomwe ikufungatira mazira kumpando wakumbuyo sikutsutsa. Kungopotokola kiyi, chalira.

Lachitatu
Ku Nathenje. Kajapani: kopepuka, kosamwa mafuta, giya pansi. Pamsewu wa tala kamathamanga ngati kaba kanthu. Mabuleki amafuna kupopa katatu ndi kapemphero. Muvi wa liwiro unaima pa sikisite ine ndisanabadwe. "Ndiye kuti ngakhale kataima kali paulendo," akutero a Chimtengo. Nakonso kalira msanga. Batire lake lili ndi chilembo G cha penti wofiira. Mwina ndi dzina la kampani.

Lachinayi
Tsiku loyesa liwiro. Kajapani kafika pabwalo la mpira, Chifalansa chili zii pansi pa mango. Malume: "Lero si tsiku lake." Ndalemba m'kope kuti chimasunga mphamvu.

Lachisanu
G uja ndi Gwaza! Batire ndi limodzi. Chichitikire chinkhoswe limayenda pa njinga yamoto ya kabaza, lero kuno, mawa uko. Ine sindikugwedezeka. Chigamulo: Chifalansa popita poti njira ndi yafumbi, Kajapani pobwera kuti akuchimuna asakwiye. Batire ligona pakhomo pano. Digiri siinama.

Loweruka
Magetsi azima m'mamawa. Ndikumanga tayi, batire latengedwa kale kupita kuholo kukaliza zimbale. "Ukwati wopanda nyimbo ndi maliro, achimwene," akutero tcheyamani wa komiti. Tikukankha Chifalansa: ine, malume, amayi asanu a kwaya. Chikutsokomola, chikuganiza, chikukana. Eyiti yadutsa. Tadala sakulira, akungondiyang'ana. Kenako wapinda diresi, velo m'jumbo, wakwera njinga ya mkulu wa kabaza uja. Njira ya ku Nathenje mkuluyu amaidziwa ngati ya kudimba kwake, batire linamuphunzitsa. Afika kutchalitchi abusa akutsegula buku.

Lamulungu
Zotsatira. Kajapani: sikanasunthe. Chifalansa: kuchoka pamango kufika pachigayo, mphamvu ya kwaya. Njinga: silinda imodzi, mkwatibwi mmodzi, nthawi yake. Tadala akundiyankhula kudzera mwa mwamuna wake. Komiti yati ulendo wina ndidzayang'anire mipando.

Nkhuku ija yaswa anapiye asanu ndi awiri. Pa magalimoto awiriwa, Chifalansa chokha ndiye chafikitsa wina kwinakwake sabata ino. Chapambana.