Chitsononkho mu Ekizozi

Nkhani iyi bambo a Asiyatu amakonda kuifotokoza kukabwera alendo, ndipo amathiramo mchere wambiri, ndiye bola ndiinene ndekha, poti wochita manyazi wake ndi ine.

Tinkakhala ku Chikweo, masiku aja pofuna kulowa mumsika umayamba waonetsa kadi ya chipani. Asiyatu, mwana wathu woyamba, anali ndi zaka ziwiri. Tsiku lina bambo ake anapita ku Nsanama pa njinga yawo yakapalasa, pobwera anabwera wapansi akukankha njinga yamoto yakufa. Anali atasinthanitsa. Inali ya mlangizi wina wa thonje wopuma pantchito, yaitali miyendo ngati mbuzi yanjala, matayala ake a mano-mano, mtundu uja wofuna kusakaniza petulo ndi oyilo m'tanki momwemo. Mlangiziyo ndinkamudziwa. Ankayenda motsimphina, ndipo anthu onse a ku Chikweo ankadziwa chimene chinamutsimphinitsa.

"Siyakufa iyayi, mayi a Asiyatu," anatero akuisisita. "Yangogona."

Miyezi itatu anali pa iyo. M'tanki anathiramo timiyala ndi palafini n'kumakhutchumula mpaka dzimbiri linatuluka lofiira ngati madzi a pachithaphwi. Tcheni anachiviika mu oyilo wakale, m'poto wanga wa ndiwo (sanapemphe). Mpando anausoka ndi chubu chakutha. Ine sindinkadandaula, chifukwa njinga yakufa siipha munthu. Ndinkayanikapo matewera.

Ndiye Lachinayi lina masana anaponda kiki kamodzi, kawiri, kachitatu chinthu chija chinakuwa. Chinalira mokwiya ngati mavu otsekeredwa m'chitini, utsi wabuluu tolo pabwalo ponse, nkhuku balala, ine mwana m'manja. Bambowo mano onse panja.

"Loweruka ndikupita ku Balaka!" anafuula. "Ndidzabwerako dzuwa lisanapendeke!"

Iwo ankaona Balaka. Ine ndinkaona mlangizi akutsimphina, ndinkaona msewu wa ku Liwonde ndi malole ake, ndinkadziona nditafunda nsalu kumutu anthu akundipepesa, mwana wopanda bambo, ine wa Sitandade 6 wopanda kolowera. Zonsezi ndinaziona njinga isanasunthe ngakhale phazi limodzi.

M'mawa mwake linali Lachisanu, anapita kumzikiti. Ine ndinali kutonola chimanga pakhonde, njinga ili poteropo ikundiyang'ana. Sindinganame kuti ndinaganiza nthawi yaitali. Ndinasankha chitsononkho chonenepa bwino, ndinachilowetsa kumbuyo kwa ekizozi, paipi ija yotulukira utsi, ndipo ndinachikankha ndi chigwiriro cha mthiko mpaka chinabisala. Asiyatu anali chiimire pambali panga, chala m'kamwa, maso tong'o. Ndinati mwana wa zaka ziwiri angaone chiyani.

Loweruka bambowo anavala malaya awo oyera, anaponda kiki. Njinga inati bu-bu-bu, n'kukhala chete. Anapondanso. Bu-bu. Anaponda mpaka malaya ananyowa. Ine ndinali kusesa pamalo pomwe ndinali nditasesa kale.

Apa m'pamene anayamba kufufuza matenda. Poyamba anati ndi pulagi. Anaimasula, inatuluka yakuda ndi yonyowa, anaipala ndi msasa n'kundiitana.

"Tagwirani apa, muigunditse pa injini, muone ngati ikuthetheka moto."

Ndinagwira pomwe sanandiuze. Ataponda kiki, chinthu chinandimenya m'dzanja mpaka m'chigongono, ndinapezeka ndakhala pansi miyendo tasa.

"Moto ulipo," anatero bambowo, osandiyang'ana n'komwe. (Ine ndinadziwa kuti Mulungu waona, ndipo wayambapo.)

Kenaka anati ndi kabuleta, kachitini kosakaniza petulo ndi mpweya. Anakaphwasula m'lichero langa, timasikuluwu ndi timasipuling'i, akuuzira timabowo ndi pakamwa mpaka milomo inkanunkha petulo masiku awiri. Sizinathandize. Anati oyilo wachuluka, anachepetsa. Anati wachepa, anawonjezera. Sabata ziwiri zinatha. Munthu anayamba kuonda, akudya amayang'ana njinga, ndipo tsiku lina anandigwira paphewa nati, "Akazi ena akanandiseka, koma inu mumapirira." Mawu anafika pamlomo, ndinawameza. Ndinati bola aonde koma ali moyo.

Mapeto ake anatumiza uthenga ku Balaka kwa Che Bwanali, mkulu wina wa ndevu zoyera wokonza injini za zigayo, yemwe ankati njinga zamoto amazidziwa ngati ana ake. Anafika m'mawa ndi kachikwama ka masipanala. Munthu wosapupuluma. Anamwa tiyi, anafunsa za mvula, kenaka anazungulira njinga kawiri manja kumbuyo.

"Mwana wanga," Che Bwanali anawauza bambowo, "injini yotereyi ndi munthu. Imadya, imakhala ndi moto m'thupi, imapuma. Tiyamba kukamwa, tidzathera kumbuyo."

Nditamva zoti kumbuyo, ndinasiya zonse zimene ndinkachita. Ndinaima pakhomo la khitchini ndi mbale yomwe ndinali nditaitsuka kale, kuwerengera kuti kuchoka kukamwa kukafika kumbuyo atenga nthawi yanji. Mwamwayi mkuluyo ankagwira chilichonse ngati dzira. Dzuwa linafika pamutu ali pa kabuleta.

Chifukwa choyang'anira akuluakulu awiriwo ndinaiwala kuyang'anira mwana. Ndinangomva kamluzu kuseri kwa nkhokwe, fyii, fyii. Kupita, Asiyatu wakhala pansi, misozi m'masaya, m'dzanja kamtengo. Nditamuyang'ana m'mphuno, mkati-kati, kanthu koyera. Njere ya chimanga. Anailowetsa, n'kuikankha ndi kamtengo mpaka inabisala.

Ndinakuwa. Anathamangira onse awiri. Bambo ake anafuna kutokosa ndi waya, Che Bwanali anawagwira dzanja.

"Iyayi, muikankhira kutali. Chimanga chikanyowa chimafufuma. Uyu ndi wa kuchipatala, ku Ntaja, tsopano lino."

Ku Ntaja ndi kutali. Njinga yakapalasa inali itapita kwa mlangizi. Lole inkadutsa ikafuna. Tonse atatu tinatembenuka kuyang'ana chinthu chija, kabuleta ili theka m'lichero.

"Ikanakhala kuti ikulira," anatero bambowo.

"Ilira," ndinatero.

"Mwati chiyani?"

"Ndati ilira. Muli chitsononkho."

"Muti?"

"Kumbuyoko."

Che Bwanali anagwada, anasuzumira mu ekizozi ndi diso limodzi, anapisamo waya, waya anagunda. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Chinalowa chokha, mayi?"

"Ndinachithandiza ndi mthiko."

Bambo a Asiyatu anatembenukira kwa ine. Mkuluyo anati, "Mlandu madzulo. Bweretsa sipanala." Munthu wosapupuluma uja sindinamuonenso. Kabuleta inabwerera m'malo mwake ngati ikudzimanga yokha. Chitsononkho chinakana kutuluka, chinali chitamwa oyilo n'kufufuma, ndiye anangomasula chidutswa chonse chakumbuyo, chija chochepetsa phokoso, n'kuchiponya pansi. Kuponda kamodzi kokha, njinga inabangula mpaka mbuzi ya aneba inadula chingwe.

Ine amene ndinalumbira kuti sindidzakhudza chinthu chimenecho ndinakwera chammbali, mwana pachifuwa, kadi ya chipani ndi ya sikelo m'kamisolo, dzanja lina litakola malaya a bambowo. Ndipo amene ankakuwa njira yonse kuti "Thamangani! Kodi limeneli ndiye liwiro lake?" ndinali ine. Anthu ankatuluka m'minda kudzaona. Amayi ena anagwetsa mtolo wa chinangwa. Utsi unkatizinga ngati tikuwotcha matayala, mwana akutsokomola ndi kuyetsemula, ine ndikupemphera ndi Chichewa ndi Chiyao chomwe.

Tinafika. Adokotala anaunika mphuno yakumanja, anaunika yakumanzere, anaunikanso.

"Mayi, muno mulibe kanthu."

"Ilimo! Ndinaiona ndi maso anga!"

Pomasula chitenje kuti ndimugwire bwino mwana, njere ija inagwa pasimenti, n'kugubuduka mpaka pansapato ya adokotala. Inali itatuluka kale ndi kuyetsemula kwa utsi kuja, kaya pa mtunda uti. Asiyatu anailoza n'kuseka.

"Kodi anaonera ndani zolowetsa zinthu m'mabowo?" anafunsa adokotala akusamba m'manja.

Bambo ake anayang'ana kudenga. "Kwathu kuli mphunzitsi," anatero.

Pobwerera sitinalankhulane, komanso ndi phokoso lija sitikanamvana. Tinapeza Che Bwanali atachikolopola chitsononkho chija, chakuda bii, atachiika pakhonde pa mbale yanga yoyera ya alendo. Anandiuza mwaulemu kuti zaka zonse akukonza injini anakumanapo ndi zisa za mavu, mbewa, ngakhale njoka, koma matenda ochita kubwera ndi mthiko anali oyamba. Bambowo sanandikalipire. Anangochitenga chitsononkhocho n'kuchimangirira ndi ulusi pamtanda wa denga, ndipo chikadali pompo, mlendo aliyense amafunsa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ndikanadziwa kuti mwana ayetsemula, bwenzi nditakhala chete. Koma sindinganene kuti sindinaphunzirepo kanthu. Sabata ziwiri zija ndinaonera bwino ntchito yonse, moti masiku ano akati akupita ku Balaka mitambo itada, njinga imakana kulira, ndipo asanaponde kiki amayamba asuzumira mu ekizozi, n'kupeza muli mbee. Kawaya ka pulagi ndimakasolola pang'ono chabe, mwana nditamutuma kaye kwa aneba.